Tiyambe ndi pokhala, mankhwala kapena mpamba?

Funso: Ndine wapampando wa kagulu ka anthu 14 kamene tinayambitsa zaka ziwiri zapitazo. Timasonkha mwezi ndi mwezi n'kugula chakudya, zofunda ndi sopo, n'kukagawira anthu ogona m'misewu ndi mabanja ovutikitsitsa. Pano tagawanika. Ena akuti tisiye zogawazi tizibwereketsa mpamba, ena akuti vuto lalikulu ndi matenda, ena akuti ndi pokhala. Palinso amene akuti tizithandiza okhawo amene asiya mowa, chifukwa enawo tikungowaononga. Zaka ziwiri zatha koma nkhope zimene timakumana nazo ndi zomwe zija. Kodi tikutaya nthawi? Tiyambire pati?

Yankho: Mayi wapampando, ndiyambira pa nkhani ya mowa, ngakhale kuti inu mwaiika chakumapeto. Mkangano wa mpamba, matenda ndi pokhala ukuoneka waukulu, koma mukagwirizana pa funso lakuti woyenera thandizo ndani, enawo avuta pang'ono.

Anzanuwo sakunena zachilendo. Kwa zaka zambiri mabungwe akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya ankaganiza momwemo. Munthu wogona mumsewu ankayenera kukwera makwerero. Ayambe wagona m'holo ya anthu ambiri, asiye mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, azimwa mankhwala ake a matenda a maganizo osadumphitsa, kenako asamukire m'nyumba yoyang'aniridwa. Akakhoza mayeso onsewo, ndiye apatsidwe kiyi wa nyumba yakeyake. Akaterereka penapake, abwerere pansi akayambirenso. Amene ankafika pamwamba anali olimba kale aja. Odwala kwambiri, amene ndondomekoyo inkati ikufuna kuwathandiza, ankangozungulira pakati pa msewu, chipatala ndi chitokosi cha apolisi.

Sam Tsemberis, katswiri wa za maganizo amene ankagwira ntchito ndi anthu otere mumzinda wa New York, anatopa n'kutengera anthu omwewo kuchipatala n'kukawapezanso pamalo pomwe paja patapita masabata ochepa. Akawafunsa chimene akufuna, ankayankha kuti pokhala. Mu 1992 anayambitsa bungwe la Pathways to Housing, n'kutembenuza makwerero aja. Munthu ankalowa m'nyumba ya lendi kaye, asanasiye mowa, asanavomere n'komwe kuonana ndi dokotala. Ankangofunika kupereka magawo 30 pa 100 alionse a ndalama zimene amapeza, ndi kulola kuti ogwira ntchito a bungwelo azimuyendera. Njirayi ndi imene imatchedwa Housing First, kutanthauza kuti nyumba kaye. Kafukufuku amene anatuluka mu 2000 anapeza kuti patapita zaka zisanu, anthu 88 pa 100 alionse a ku Pathways anali akadali m'nyumba, pamene mwa odutsa njira yakale ija anali 47.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa kwa munthu amene anachezapo ndi ogona panja, monga inuyo. Mumsewu munthu sagona tulo teniteni, amagona khutu lili tcheru. Mankhwala amabedwa kapena kunyowa. Chiphaso chikasowa, palibe pomulembera ntchito. Ndipo mowa umene tikuudandaulawo, kwa ambiri ndi bulangete komanso ndi mankhwala a tulo ndi a mantha. Kumuuza munthu kuti asiye kaye mowa ali pomwepo pa katoni, ndi kumuuza kuti avule chofunda chokhacho chimene ali nacho, kenako tidzaone ngati akuyenera china.

Ndisakunamizeni, nyumba sichiza uchidakwa. Dziko la Canada linayesa njirayi m'mizinda isanu kuyambira 2009 mpaka 2013, pa anthu opitirira 2,000. Olandira nyumba anakhazikika kwambiri kuposa anzawo, koma pa nkhani ya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo panalibe kusiyana kwenikweni. Onani bwino mfundo imeneyi, chifukwa ikuyankha mantha a anzanu aja: kupatsidwa nyumba popanda malamulo a mowa sikunawachititse kumwa kwambiri kuposa enawo. Sanaonongeke. Anangosiya kugona panja, n'kupeza poyambira nkhondo inayo. Dziko la Finland linatenga njirayi kukhala ndondomeko ya boma mu 2008, ndipo malo ena ogonamo anthu ambirimbiri anawasandutsa nyumba zoti aliyense akhale ndi chitseko chake. Anthu osowa pokhala m'dzikolo anali pafupifupi 18,000 mu 1987, koma pofika 2022 sanali kukwana 4,000. Kumeneko kunali ndalama za boma, komanso bungwe la Y-Foundation limene lakhala likugula ndi kumanga nyumba kuyambira 1985. Inu anthu 14 simungachite zimenezo, ndipo sindikukuuzani kuti muyambe kuumba njerwa. Chimene ndikufuna mutolepo ndi kasanjidwe ka zinthu. Poponda pamayamba, kusintha kwa munthu kumabwera pambuyo.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri pa mfundoyi si ya dziko lolemera. Ndi ya ku Cange, mudzi wa m'mapiri a ku Haiti, kumene dokotala Paul Farmer ndi anzake a bungwe la Partners In Health, limene linakhazikitsidwa mu 1987, ankayendetsa chipatala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, odwala chifuwa chachikulu ena anamwalira ngakhale kuti mankhwala anali aulere. Ogwira ntchito anakangana, monga mukukanganamu. Ophunzira kwambiri ankati vuto ndi odwalawo: amakhulupirira kuti analodzedwa, ndiye akangopezako bwino amasiya mankhwala. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene ankadziwa makomo a odwalawo, ankati ayi, amene akufa ndi osaukitsitsa, anjala. M'malo mopitiriza kukokana anagawa odwala m'magulu awiri. Gulu loyamba linkalandira mankhwala aulere basi. Lachiwiri linkalandira mankhwala omwewo, kuphatikizapo kandalama kogulira chakudya, ndalama yoyendera popita kuchipatala, ndi mlangizi wowayendera pakhomo. M'gulu lachiwirili onse anachira. M'gulu loyamba anachira pafupifupi theka, ena anamwalira. Ndipo okhulupirira zolodzedwa analipo m'magulu onse awiri. Chikhulupiriro chawo sichinawaletse kuchira pamene anali ndi chakudya ndi munthu wowayendera.

Alangizi aja ku Haiti amawatchula ndi mawu otanthauza operekeza. Ndimalikonda dzinali. Woperekeza satsogola ngati mwini ulendo, komanso sangokulozera njira n'kubwerera. Amayenda nawe.

Apa mpamene mkangano wanu wa matenda, pokhala ndi umphawi umandionekera kuti ndi wa pa pepala chabe. Pa misonkhano zinthuzi timazigawa patatu, koma mwa munthu ndi chingwe chimodzi. Bambo adwala, ganyu aima, lendi ikundikana, mwininyumba atulutsa katundu, banja libalalika, matenda aja akula chifukwa chogona pozizira. Mwina zimayambira kwina: ntchito itha, kenako nyumba, kenako thanzi. Ku England ndi Wales, kumene chipatala n'chaulere kwa aliyense, ziwerengero za boma zimaonetsa kuti anthu osowa pokhala amamwalira ali ndi zaka pafupifupi 45 amuna, 43 akazi. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2008, limene anatsogolera Michael Marmot, linatchula madera awiri oyandikana ku Scotland: mnyamata wobadwira ku Calton, mumzinda wa Glasgow, ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka 54, wa ku Lenzie zaka 82. Dziko limodzi, zipatala za boma lomwelo, kusiyana zaka 28. Chitseko cha chipatala kukhala chotsegula sikutanthauza kuti onse akulowa, kapena kuti akatuluka akubwerera kumalo kumene angachire.

Za ngongole ndilankhula mosapita m'mbali: kwa anthu amene mukuwathandizawa, musayambe nazo. Mbiri ya ngongole zing'onozing'ono ndi yokoma kumva. Muhammad Yunus anabwereketsa madola 27 kwa anthu 42 a m'mudzi wa Jobra ku Bangladesh mu 1976, banki yake yobwereketsa osauka ya Grameen Bank inabadwa mu 1983, ndipo mu 2006 analandira mphoto ya Nobel. Koma kafukufuku wa m'mayiko asanu ndi limodzi amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti ngongolezi zimathandiza ena kukuza bizinesi, makamaka amene anali nayo kale, koma sizinachotse mabanja ambiri mu umphawi. Munthu amene sanadye dzulo mukamupatsa mpamba, adya mpambawo, ndipo sakulakwa. Tsiku lobweza likafika ayamba kukuthawani, mwina n'kukatenga katapila kuti akubwezereni. Inu amene munali abale ake mwasanduka omulondalonda.

Bungwe la BRAC, la ku Bangladesh komweko, limene anayambitsa Fazle Hasan Abed mu 1972, linaziona zimenezi m'ntchito yake yomwe. Osaukitsitsa sankalowa m'magulu a ngongole, ndipo magulu nawo sankawafuna. Mu 2002 linayamba njira ina. Banja linkapatsidwa chinthu chopezera ndalama, kawirikawiri chiweto, kwaulere. Linkalandiranso kandalama kodyera kwa miyezi ingapo kuti lisagulitse chiwetocho, maphunziro a kasamalidwe kake, thandizo la zaumoyo, chilimbikitso chosunga ndalama, ndi munthu wowayendera pafupipafupi kwa zaka pafupifupi ziwiri. Njirayi itayesedwa ku Ethiopia, Ghana, Honduras, India, Pakistan ndi Peru, zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti m'mayiko ambiri mabanja ankadya bwino ndipo anali ndi katundu ndi ndalama zosunga zochulukirapo patatha chaka thandizo litatha. Ku Honduras sizinayende, nkhuku zambiri zimene anagawa zinafa ndi matenda. Ndimaikumbukira nkhani ya nkhukuyi nthawi zonse wina akabwera ndi pulani yokongola pa pepala. Banki m'khonde, imene bungwe la CARE linayamba kuifalitsa ku Niger mu 1991, ili ndi malo ake, chifukwa anthu amabwerekana ndalama zawo zomwe. Koma nayonso imafuna munthu amene ali ndi kena koti aponye. Idzabwera, si yoyambira.

Mwaona kuti New York, Cange ndi Bangladesh akunena chinthu chimodzi, ngakhale wina ankagawa makiyi, wina mankhwala, wina ziweto. Onse anasiya kudikira kuti munthu aonetse kaye kuti ndi woyenera. Ndipo onse anaika munthu woyendera mnzake. Mbali yoyamba ija imafuna ndalama. Yachiwiriyi imafuna miyendo, nthawi ndi kudekha, ndipo kagulu ngati kanu kali nazo kuposa bungwe lalikulu lililonse, limene ogwira ntchito ake amasintha thumba la ndalama likauma.

N'chifukwa chake mawu anu akuti nkhope ndi zomwe zija sindikuwamva ngati kulephera kokha. Zoona, akusonyeza kuti kugawa pakokha sikuchotsa munthu mumsewu. Koma akusonyezanso kuti muli ndi chuma chimene ambiri alibe: anthuwo amakudziwani, ndipo mwina ena amakukhulupirirani. Funso langa ndi lakuti, kodi inu mumawadziwa? Mayina awo, zaka zimene akhala panja, chimene chinawatulutsa m'nyumba, matenda amene ali nawo, amene ali ndi chiphaso, amene ali ndi mbale woti angamulandire atayanjanitsidwa?

Kalembera wotere si ntchito yaing'ono. Mu 1985 mumzinda wa Bombay, umene pano ndi Mumbai, anthu okhala m'tizisakasa ta m'mphepete mwa misewu anali pafupi kugwetseredwa. Kabungwe ka SPARC, kamene kanali ndi chaka chimodzi chokha, kanayenda khomo ndi khomo n'kulemba mabanja pafupifupi 6,000. Zinapezeka kuti ambiri sanali oyendayenda monga ankanenedwera. Anali anthu ogwira ntchito, okhala pamalopo kwa zaka, pafupi ndi kumene amapezera chakudya. Amayi a m'misewumo anapanga gulu la Mahila Milan, n'kumasunga tindalama tsiku ndi tsiku, ndipo patapita zaka ankakhala pa tebulo limodzi ndi akuluakulu a mzinda kukambirana za malo. Ganizo lomweli ndi limene linafalikira m'mayiko ambiri kudzera ku Slum Dwellers International, mgwirizano wa magulu a anthu okhala m'tizisakasa, kuyambira 1996. Wolemba mayina amakhala ndi pogwira akamalankhula ndi boma. Wongonena kuti anthu akuvutika amamuyankha kuti tamva.

Dokotala wina wa ku Wales, Julian Tudor Hart, analemba mu 1971 kuti thandizo labwino la chipatala limapezeka mochepa kumene likufunika kwambiri. Iye sanangodandaula. M'mudzi wa anthu a m'migodi wa Glyncorrwg anayeza kuthamanga kwa magazi kwa anthu pafupifupi onse akuluakulu, ndipo amene sankabwera okha ankawatsatira. Mfundo imene analembayo imagwiranso magulu achifundo. Amene amafika msanga pamzere wolandira zofunda ndi amene ali ndi mphamvu zoyenda, amene amva uthenga, amene saopa kuonekera. Mayi amene amabisala usiku kuopa kugwiriridwa, wodwala maganizo amene amathawa gulu la anthu, nkhalamba imene siingathe kudzuka, amenewa simuwaona pamzere. Mukamalemba, funsani amene alipowo kuti palibe ndani.

Mukamaliza, sankhani anthu ochepa. Ndikudziwa kuti pamenepa mtima umawawa. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo kagulu kofuna kuthetsa zonse kwa onse kamathera m'misonkhano. Anthu 14 mukhoza kuperekeza anthu asanu kapena asanu ndi awiri, aliyense akhale ndi omuyendera awiri, kuti wina akatopa kapena akadwala ulendo usaime. Kwa aliyense mufunse chimene Tsemberis ankafunsa: mukufuna chiyani choyamba? Mayankho adzakudabwitsani ndi kuchepa kwake. Wina ndi chiphaso. Wina ndi lendi ya miyezi itatu ya kachipinda kamodzi. Wina ndi munthu woti apite naye kunyumba kwa mchemwali wake amene anakangana naye zaka zisanu zapitazo. Pamenepo mkangano wanu wa pokhala, matenda ndi mpamba utha wokha, chifukwa yankho likhala losiyana kwa munthu aliyense.

Ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Pamene ndinkayamba ntchitoyi tinali ndi bambo wina amene anasiya kukatenga mankhwala, ndipo ine ndinalemba m'buku kuti ndi wosamvera. Mnzanga wina wodzipereka, mayi wachikulire wosaphunzira kwambiri, anangoti tiyeni tipite naye. Titafika kuchipatalako tinaona tokha. Bamboyo anali ndi fungo la munthu amene alibe posamba, anthu pa benchi ankasuntha, ndipo wolemba mayina anamukalipira pagulu chifukwa kabuku kake ka kuchipatala kanali katanyowa n'kung'ambika. Anali atabwezedwapo kawiri m'mbuyomo. Tsiku limenelo anathandizidwa, chifukwa chongoti pambali pake panali anthu ovala bwino. Kuyambira pamenepo kabuku kake tinkasunga ife, ndipo tsiku la chipatala ankayamba wasamba kwa mmodzi wa ife. Sitinagule mankhwala ngakhale amodzi. Mawu aja akuti wosamvera ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Kugawa musasiye. Munthu wanjala lero sangadikire pulani ya zaka ziwiri, komanso chakudya ndi zofundazo ndi zimene zinakutsegulirani khomo. Mungochepetsa gawo la ndalama zimene zimapita kumeneko, kuti mutsale ndi thumba la zinthu zing'onozing'ono zotsekula njira: yoyendera, zithunzi za chiphaso, lendi yoyamba. Thumba limeneli likhale ndi osayinira awiri ndipo msungichuma aziwerenga malisiti pa msonkhano uliwonse, pakuti timagulu tambiri timafa ndi kukayikirana pa ndalama, osati ndi kusowa kwake. Ndipo chonde, zojambula anthu akulandira thandizo n'kuziika pa Facebook zilekeni. Ndikudziwa kuti zimakopa opereka, koma munthuyo ali ndi ana ndi abale amene amaona. Bwino kwambiri, mukapeza mmodzi kapena awiri amene anagonapo panja ndipo akhazikika, alowe mu komiti ndi mawu ofanana ndi anu. Adzakuletsani zolakwa zimene simukanaziona.

Pali malire amene kagulu sikangadutse, ndipo ndi bwino kuwadziwa kuti musadziimbe mlandu wosakhala wanu. Kusowa kwa nyumba zotsika mtengo, kuchepa kwa malipiro, kutha kwa mankhwala m'zipatala, zimenezi ndi za boma. Komabe magulu a anthu wamba ndi amene kawirikawiri amalikankha boma. Ku South Africa, gulu lomenyera kuti anthu azilandira mankhwala a HIV la Treatment Action Campaign linayamba ndi anthu ochepa mumzinda wa Cape Town pa 10 Disembala 1998. Anaphunzitsa odwala wamba mmene kachilombo ka HIV ndi mankhwala ake amagwirira ntchito, mpaka ankatha kutsutsana ndi nduna. Mu 2002 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula boma kupereka mankhwala a nevirapine oteteza ana obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilomboka, ndipo chakumapeto kwa 2003 boma linavomera kuyamba kupereka ma ARV m'zipatala zake. Inu simukupita kukhoti mawa. Koma mukaperekeza anthu asanu ndi awiri kwa chaka, mudzaona chopinga chimodzi chikubwerezabwereza, mwina ofesi imene imafuna adiresi kwa munthu wopanda nyumba, mwina chipatala chimene chimabweza wopanda chiphaso. Chimenecho mudzachitengere kwa oyang'anira, muli ndi masiku ndi chiwerengero m'manja, pamodzi ndi magulu ena amene akukumana nacho.

Tibwerere kwa anzanu odandaula za mowa aja, chifukwa ali ndi mbali imene akunena zoona ndipo musawanyoze. Mudzapusitsidwa. Wina adzagulitsa bulangete, wina adzathawa m'chipinda chimene mwalipirira lendi, wina adzabwerera ku mowa patatha miyezi isanu ndi umodzi ali bwinobwino. Ngakhale ku Pathways, ena ankataya nyumba yoyamba, ndipo bungwelo linkawapezera yachiwiri. Gwirizanani pasadakhale chimene mudzachite zikatero. Malamulo akhalepo, koma akhale oteteza anthu: woopseza kapena kumenya omuyendera, kumuyendera kuyambe kwaima, ndipo palibe wopita yekha usiku kapena kumalo obisika. Lendi muzipereka kwa mwininyumba, osati m'manja mwa munthu amene mukudziwa kuti ali pa nkhondo ndi botolo. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka asakakamizidwe kusiya mwadzidzidzi payekha, chifukwa thupi limatha kunjenjemera, kukomoka ngakhale kufa kumene. Kusiya kotero kumafuna achipatala. Ndipo amene wagwa, sabata yotsatira omuyendera ake apite monga mwa masiku onse, akamufunse ngati wadya.